Kauboyi ni mlandu wa mbuzi

Nivomere uchitsiru wanga: mpaka kumera imvi, n'nali kukhulupirira kuti anthu a m'filimu amangolankhula za m'mutu mwawo. Dzulo mdzukulu wanga, uja aphunzira kulemba mafilimu ku Lusaka, wabwera ni mpukutu wa mapepa. Akuti, "Agogo, mawu onse aja timachita kuwalembera." Ine kuseka. Kansi nchito imeneyi n'naiyamba ndine!

N'nali Sitandade 2 pamene galimoto ya kanema inafika pasukulu pathu, kufupi ni Chalimbana. Anapachika nsalu pakhoma, injini ikununkha mafuta, koma Chizungu cha m'filimumo chinali cha m'mphuno. Makolo anati, "Iwe wa sukulu, masulira!" Chizungu changa chinali "yesi" ni "no" chabe, koma n'naimirira.

Kauboyi, mzungu wa pahatchi wa m'filimumo, atasolola mfuti, n'nakuwa, "Akuti mbuzi zako zadya chimanga changa!" Mnzake atakweza manja, "Akuti pepani alamu, chingwe chinaduka!" Azimayi anagubuduka nako kuseka.

Potembenuka, n'napeza ahedi aima kumbuyo kwanga, chikoti kumanja. Iwo anawerama, nanong'ona:

"Pitiriza, wabodza iwe. Nifuna kumva mlandu wa mbuziwu uthera pati."