Mayi Esinala Geresomo, amene sankalola munthu kuchoka osatsanzikana

Pa maliro a mayi Esinala Geresomo abambo mfumu anapempha kuti wina alembe mbiri yawo m'kakalata ka parishi. Amayi onse anacheukira ine Prudence, poti ndine mlembi wa bungwe lathu, komanso poti ndine amene ndinawakalipira pagulu ku Zomba. Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe.

Mayi Esinala anabadwa mu 1948 konkuno kwa Tengani. Bambo awo anali msodzi, ndipo mayi Esinala sukulu anangoinunkhiza, nkubwerera kukathandiza kuwamba nsomba. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anakwatiwa ndi a Duncan Geresomo, mlimi wa thonje ndi mapira, ndipo pa ana asanu ndi awiri Mulungu anawasiyira atatu. Kwa zaka makumi anayi ankasesa tchalitchi chathu Loweruka lililonse, ngakhale mu Okutobala pamene mchenga umaotcha mapazi. Kuwerenga sankatha, koma pakwaya ankakonza ife ogwira mabuku.

Mtanda wawo waukulu unadza mu Januwale 2015. M'mawa wina anakangana ndi amuna awo pa nkhani ya mbuzi zimene zinasiyidwa kudimba, pafupi ndi Shire. A Duncan anati, “Ndapitatu,” koma iwo anangopitiriza kupeta mapira, osadzutsa mutu. Madzi osefukira anafika masana. A Duncan sanabwerere, ndipo thupi lawo silinapezeke.

Mawu otsanzika amene sananene tsiku lija anawalemera zaka zonse. Kumtsinje anasiyiratu kupita. Ukawachezera ankakulanda katundu wako nkumusenza, nkukuperekeza mpaka utatopa ndiwe. Mwambo wathu ngwakuti woperekeza amabwerera mlendo akalandira katundu wake nkumuuza kuti abwerere. Iwo mwambowu anaugwira ndi manja awiri. Tinkaseka kuti kwa mayi Esinala uzipitako wopanda chikwama ngati ukufuna kukafika kwanu dzuwa likadalipo.

Mu Ogasiti 2019 amayi a parishi yathu tinapita ku Zomba masiku asanu, kukapuma ndi kukapemphera limodzi ndi amayi a ku Dedza. Mayi Esinala anali asanakwerepo phiri la Chikwawa chibadwire. Chisanu cha ku Zomba chinawagwedeza nsagwada tsiku loyamba lomwelo. Mayi Immaculate, wamasiye wa ku Bembeke, anavula juzi lawo nkuwaveka.

“Kwanu kulibe mphepo, mayi?”

“Ilipo, koma yathu imabwera yophikaphika,” anayankha mayi Esinala, nkuthokoza m'chilankhulo cha kwathu kuno: “Takhuta, mwali.”

Kuyambira pamenepo anakhala ngati mapasa. Kolona limodzi, tiyi limodzi, ngakhale kumathithi anakwera atagwirana manja, uku akutsutsana ngati mbatata ya kachewere ndi chakudya kapena ndiwo.

Tsiku lomaliza mabasi awiri anaima pabwalo. Tinaimba, tinakumbatirana, tinapatsana manambala a foni, enanu munalira ngati munabadwira nyumba imodzi. Mayi Esinala anasenza chikwama cha mayi Immaculate. Mnzawoyo misozi ili chuchuchu sanathe kuchilandira, ndipo sanawauze kuti abwerere. Mayi Immaculate anakwera basi ya ku Dedza, mayi Esinala nawonso anakwera, chikwama chili pamiyendo. Dalaivala anangoona chitenje cha bungwe nkuliza basi.

Ife tinawafunafuna m'zipinda, m'tchalitchi, mpaka kuchimbudzi. Patapita ola foni inalira: mayi Esinala ali pa Liwonde. Tinadikira maola atatu, amayi makumi anayi, mpaka anatsika m'minibasi. Ine ndinawakalipira pamaso pa onse.

“Mayi, mwadikiritsa gulu lonse! Nanga anthu amaperekeza ndi basi?”

Anagwada pafumbi pomwepo, munthu wamsinkhu wa mayi anga.

“Pepani, mwananga. Katundu sanalandire, ndikanamutula pansi? Ine ndinalolapo kale munthu kuchoka ndili chowerama. Kachiwiri sindingathe.”

Ndinawadzutsa, koma kuwayang'ana kumaso ndinalephera m'basi ulendo wonse mpaka pa Thabwa.

Pambuyo pake ndinamva kuti pa mlatho wa Liwonde anafunsa dzina la mtsinje. Atauzidwa kuti ndi Shire anadziphimba kumaso, ndipo pomwepo anafotokozera mnzawoyo zonse za a Duncan. Mayi Immaculate anati, “Tsiku lina ndidzabwera kwanuko, tidzapite limodzi kumadziko mukawatsanzike.” Ife amene tinakhala nawo zaka zonsezo maganizo amenewa sanatibwererepo. Tinkangoseka za zikwama.

Zaka zinapita. Kunabwera mliri wa korona, kenako namondwe Freddy anagumula nyumba ya mayi Esinala. Anagona m'tenti miyezi inayi, nkumasesabe tchalitchi. Lamulungu lililonse ankaimbirana ndi mayi Immaculate pa foni ya mwana wawo Lonely. Chaka chatha miyendo inayamba kutupa, ndipo achipatala anati ndi mtima. Atalandira sakramenti la odwala anaitana anansi mmodzimmodzi, aliyense nkumutsanzika pomutchula dzina. Kenako anauza Lonely kuti, “Muwauze a ku Dedza aja kuti nthawi ija yakwana.”

Mayi Immaculate anayenda masiku awiri, nkufika thukuta lili kamukamu. M'mawa mwake tinawagoneka mayi Esinala m'ngolo ya ng'ombe, nkutsetserekera ku Shire. Pagombe tinawagwira uku ndi uku, ine kumanzere, mnzawoyo kumanja. Anayang'ana madziwo nthawi yaitali.

“Bambo a Lonely,” anatero ndi mawu otsika, “ndinakumvani tsiku lija. Ndinangokwiya ndi nkhani ya mbuzi basi. Ndikhululukireni. Pitani bwino, mwamuna wanga.”

Tinanena Atate Athu, ena tikulira mosabisa. Pobwerera anapempha madzi akumwa, nkuyamba kuseka mayi Immaculate kuti kutentha kwa kuno kwawafinya ngati nsalu yochapa.

Anamwalira patapita masiku atatu, Lachisanu m'mawa, pa 18 Okutobala 2024, Lonely akuwapesa tsitsi. Asiya ana atatu ndi adzukulu khumi ndi mmodzi.

Abale anga mwa Khristu, mayi ameneyu sanalalikirepo paguwa, koma ine anandiphunzitsa. Amuna anga ndimakangana nawobe, poti pakamwa panga mumapadziwa. Koma akatenga njinga nkunena kuti apita, ndimasiya chimene ndagwira, nkutuluka panja kukawayankha.

Ambuye apatseni mayi Esinala mpumulo wosatha, ause ndi mtendere.