Masamba amene bambo ankalumpha

Atelala anali mayi wamfupi, wojintcha, woyenda ndi tepi m'khosi ngakhale popita kuukwati. Anapalasa makina zaka makumi anayi pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo munthu akangodutsa ankadziwiratu kukula kwa chiuno chake. Manambala a patepi ankawadziwa bwino, koma zilembo zinkawaonekera ngati nyerere zobalalika. Kuwerenga sankatha, ndipo izi ankazibisa ngati chipsera cha pantchafu.

Komabe iwowa ndiwo anali msanamira ya kagulu kowerenga mabuku, kamene kankakumana Loweruka masana kuseri kwa sitoloyo, pakati pa mipukutu ya nsalu. M'kagulumo munali ahedi opuma ntchito, anamwino okalamba, ndi ometa a mutu wa dazi. Buku likafika kwa atelala, amuna awo, amene kale anali kondakitala wa basi, ankakhala pambali pa makina n'kumawawerengera mokweza, iwo akupinda mipendero. Mutu wawo unali nkhokwe. Zaka zisanu ndi ziwiri palibe anawaposa pa mtsutso.

Mwezi umenewo ankawerenga buku la makedzana, nthawi imene njanji inkafika kumene. Linkasimba za banja la amalonda limene mwana wawo wamkazi anabala mwana, bambo wake osadziwika.

"Ine wolembayu wandikhumudwitsa," anayamba atelala, atakhala pampukutu wawo wa masiku onse. "Wasoka malaya abwino koma waiwala mabatani. Buku lonse mpaka kutha osatiuza mwini mimba? Ndi ulesi umenewo!"

Ometa anakanda dazi.

"Mayi," anatero ahedi, akutsitsa magalasi, "nanga mutu wa khumi ndi chiwiri? M'nyumba yosungira katundu muja, mvula ikugwa?"

"Mtsikanayo anangobisala mvula ndi alamu ake, kenaka kunacha."

"Kunacha?" anakuwa anamwino. "Achemwali, masamba asanu ndi limodzi athunthu! Ine ndinachita kutsegula zenera kuti ndipitidwe mphepo!"

Ometa anatsegula bukulo n'kuwapatsa. "Nali, werengani nokha, kuyambira apa."

Atelala anayang'ana tsambalo. Akanatha kunena kuti maso achita chifunga, bodza limene linawapulumutsa kambirimbiri. Koma mkwiyo unaposa manyazi, pakuti anazindikira chimene chinachitika: nkhalamba yawo ya kunyumba ija, imene inkachita manyazi ngakhale kutchula zovala zam'kati, inkalumpha masamba.

"Abale anga," anatero, akutseka bukulo, "ine sukulu ndinangoiona padenga. Amandiwerengera ndi bambo a kunyumba. Ndiye ndaona lero kuti akafika pa zachikondi amadutsa osaima, ngati basi yodzaza."

Anadikira kuti wina awaseke. Anayamba ndi anamwino, koma kuseka kwawo kunali kogwetsa misozi, atawakumbatira.

"Ndiye chifukwa chake! Chaka chatha munalimbikira kuti msilikali uja ndi mkazi wamasiye anali pachibale!"

"Ine ndinkati ndinu opemphera kwambiri," anatero ometa.

Ahedi sanaseke. Anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Ine ndaphunzitsa ana zikwi kuwerenga," anatero, "koma womva buku ngati inu sindinamuone. Mwatigonjetsa zaka zonsezi ndi mabuku ong'ambika pakati. Mukanamva athunthu bwenzi ife tikulankhula?"

Basi anagwirizana kuti mutuwo uwerengedwe pomwepo. Ahedi anayamba ndi mawu a pamzere wa sukulu, koma pa tsamba lachiwiri anayamba kutsokomola. Anamwino analanda bukulo, nati iwo anaona zambiri pantchito, ndipo anawerenga mpaka kumapeto osaphethira. Atelala ankangoti, "Alamu ake? Ha! Ndinkaona ine kuti akumugulira mwana uja nsapato pafupipafupi."

Atafika kunyumba anapeza amuna awo akuthirira maluwa.

"Bambo, mvula ija inagwa masamba angati?"

Nkhalambayo inayang'anitsitsa ndowa. "Mayi, zinazi si zotchula pakamwa munthu wamkulu."

"Ana asanu ndi mmodzi tinabala aja, anagwa ndi mvula?"

Analowa m'nyumba, natulutsa mabuku onse a zaka zisanu ndi ziwiri, nawaunjika pampando wa amuna awo.

"Tiyambira la msilikali," anatero, akulowetsa ulusi pasingano. "Ndipo mukatsokomola, mubwereza tsamba lonse."