Chipewa cha a Zuze pansi pa nsanja ya magetsi

Mboni zanga ndi alamu anga a Zuze a ku Domwe ndi chipewa chawo chakale. Onse alipo, kafunseni.

Tikumanga nsanja za nthambo za magetsi zochokera ku Songo, kapitawo anati ife a ku Angonia sitiopa kukwera, poti kwathu n'kumapiri. Okwera ankalipidwa kawiri. Ine sindinakwerepo ngakhale mtengo wa pichesi, koma ndinati, "Patarau, bwana wanga, ine ndinabadwira m'mwamba."

Anandituma kukamanga mapalafuzu, mabawuti aja, pansonga. Nditafika ndinaona phiri la Dedza, ndikulumbira, ndi mkazi wanga akupalira nyemba. Kenako ndinayang'ana pansi. Ndinakumbatira chitsulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

"Alamu, mukutani kumeneko?" anakuwa a Zuze ali pansi pa nsanja.

"Ndikulimbitsa!"

"Nanga mvulayi bwanji ikugwera chipewa changa chokha?"

Ananditsitsa pachingwe ngati thumba la mbatata, ndisanamange palafuzu n'limodzi lomwe. Manyazi anandithawitsa, malipiro ndinawasiya komweko.

Mvula yeniyeni itagwa, a Zuze anabwera nawo maeshikudo anga, ndalama za malipiro aja. Mlembi ankawerengera nthawi imene munthu wakhala m'mwamba, ndipo ine ndinaposa onse. Ndinalandira osatsutsa, n'kuwagulira chipewa china.