Mano a tonde wa a Bilali

Pa Ntaja palibe wokwera kabaza amene sawadziwa a Bilali, aja a njinga ya khushoni yofiira. Chaka ndi chaka, Idi yozinga ziweto ikafika, iwo ankangolandira nyama ya anzawo. Mumtima ankalakalaka kuti tsiku lina nawonso adzagawireko anthu.

Mwayi unabwera ngati nthabwala. Mayi wina wa kwa Mposa anawapatsa kamwana ka mbuzi kamasiye, kamiyendo njenjenje, mchombo usanaume. Anabwera nako m'jekete. Akazi awo, a Shamim, ankakayamwitsa ndi botolo mpaka kanayamba kubudula nsonga za udzu. Posakhalitsa tinyanga tinatumphuka, kakudumpha pa mtondo, kakuba gaga. Mvula itabweranso kanali ndi ndevu, ndi fungo loti a Shamim anakatulutsa m'khitchini.

Koma kodi kanali katakwana chaka? Mbuzi yosakwana chaka siiloledwa pa Idi. A Bilali ankati kanabadwa Idi yapitayo isanafike, a Shamim ankati iyayi, itadutsa. Atafunsa kumzikiti, a shehe anati ayang'ane m'kamwa: timano tiwiri tapakati tikaguluka n'kumera akuluakulu, ndiye kuti yakula.

A Bilali atafika kunyumba anamukanula kukamwa tonde uja, thukuta n'kuwatuluka. Kumwamba kunalibe dzino lakutsogolo ngakhale limodzi, nkhama yokhayokha. Anati basi, chiweto chopunduka, chakudya chonse chija chapita pachabe. A Shamim anaseka mpaka kugwira khoma.

"Bambo, mwakula mukudya mitu ya mbuzi, simunayang'anepo? Zonse zili choncho. Onani kumunsi."

Kumunsi kunali timano taubwana, tating'ono ngati mpunga. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanatulutse njinga, ankayamba akanula tonde. Anzawo pasiteji anawapatsa dzina loti adokotala a mano, ena n'kumawayasamira akamadutsa.

Mwezi wa Idi utaoneka, a Shamim anatola kadzino m'chomwera madzi. Kanzake kanaguluka pachitsononkho. Mmene tsiku linkafika, mano awiri otambalala anali atasuzumira, ndipo a shehe atawaona anagwedeza mutu kuvomereza.

Madzulo a Idi a Bilali sananyamule munthu. Pakaliyala panali beseni la nyama ya tonde uja lovundikira ndi nsalu, belu likulira khomo ndi khomo. Phukusi loyamba anakalisiya kwa Mposa, kwa mayi uja. Atafika pasiteji anagawira anzawo onse, koma yemwe ankayasama kwambiri anam'patsa chibwano, mano ali pomwepo.