Mphindi Khumi za Mayi Burul

Mayi Burul akhala akulemba zoyankhula za aphungu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, koma mukawafunsa chimene phungu wina aliyense ananenapo, amangokuyang'anani. Si matama, komanso si kusunga chinsinsi. Sadziwa basi.

Alembi m'nyumba ya malamuloyo alipo asanu ndi mmodzi, onse azimayi. Mmodzi amalowa m'holo, kukhala pa katebulo kamunsi mwa wapampando, n'kumalemba mwa zizindikiro zachidule kwa mphindi khumi. Zikakwana, mnzake amamugwira paphewa, iye n'kutuluka kukataipa, ngakhale phungu akhale ali pakati pa chiganizo. Chotero moyo wawo wonse Mayi Burul amva mitu ya nkhani yopanda michira ndi michira yopanda mitu.

Anawaphunzitsa ntchitoyi ndi Raisa Pavlovna, mayi wosuta fodya ngati ng'anjo, yemwe anatsikira kulichete kalekale. "Mwana iwe," ankatero, "mawu azilowa m'khutu n'kutsikira kudzanja. Akangodzera kumutu, watsalira." Burul anali wophunzira wabwino, mwina mopyola muyeso. Amuna awo atamwalira, anthu anayankhula zambiri pamaliro, iwo n'kupezeka akulemba mawuwo ndi chala pabondo, osamva kanthu.

Mwana ali naye mmodzi, Nurzat. Masana amasoka mathalauza m'chipinda chapansi pafupi ndi msika, madzulo amakwera basi kupita ku koleji ya zauphunzitsi. Anakoka choncho zaka zitatu. Chaka chachinayi fizi inakwera, madzi n'kufika m'khosi. Lamulo linkati kholo lolipirira mwana sukulu lizibwezeredwako gawo la msonkho wake, koma mwanayo akhale wophunzira masana. A madzulo, omwe ndiye osauka enieniwo, analibe chawo. Kenako kunamveka kuti phungu wina wabweretsa ganizo losintha ndimeyo kuti nawonso alowemo. Kobwezako sikanali kambiri, koma kankatseka ndendende pamene pankaperewera.

Msuweni wa Nurzat anali atamupezera kale ntchito yokolopa m'sitolo yaikulu kudziko lina, ku Moscow, ndipo ankafuna yankho Lachisanu. Aphungu anali kudzakambirana ndimeyo Lachinayi.

M'mawa wa Lachinayilo Nurzat anathira tiyi, n'kunyema buledi wozungulira pakati.

"Amayi, lero mukamvetsere."

"Ndikamvetsera."

"Ndikunena kumvetsera kwa anthu, osati kwanu kuja. Paja inu munalemba tsiku lathunthu za kukwera kwa mtengo wa magetsi, bilu itabwera n'kumadabwa nafe limodzi."

"Imwa tiyi, ukuchedwa."

"Ikakanika ndikupita, amayi. Sindingathere maso anga pa kusoka chaka china popanda chooneka."

Mayi Burul ankadziwa kuti pamawu otere kholo limayenera kumva kanthu mumtima. Anafufuza, n'kungopeza kuti tiyi wawo wazizira.

Mwayi wake, kapena tsoka lake, ndimeyo inagwera pa mphindi zawo, itangodutsa nthawi ya nkhomaliro. Mipando yambiri inali yopanda eni, ndipo amene analipo ankalimbana ndi mpunga ndi nyama ya nkhosa zimene zinali m'mimba. Wapampando anati, "Ndime ya ophunzira." Mawu amenewo Mayi Burul anawamva ndi mutu ndithu, mtima n'kugunda kamodzi. Phungu wa chipewa choyera chachitali anaimirira. "Anzanga, ana awa masana amagwira ntchito," anayamba, akuthamanga ndi mawu ngati munthu wosiyidwa ndi basi. Dzanja linatsalira mawu atatu, kenako asanu. Koma dzanja limene silinatsalirepo zaka zonsezo silingayambe lero. Linathamanga, linamupeza phunguyo, m'mutu n'kungoti zii. Chotsatira chimene anazindikira ndi dzanja la Saltanat, mlembi wowatsatira, lili paphewa pawo.

Anakhala pamakina n'kutaipa masamba anayi. Zala nazo zili ndi njira yake yosadzera kumutu. Atamaliza anafuna kuwawerenga, koma nthawi yolowanso inali itakwana, ndipo aphungu anali atafika kale pa msonkho wa matayala.

Saltanat anawapeza mukhonde akutsuka kapu.

"Burul eje, masamba anu lero ndikuwerengereni ndine," anatero, akuwatchula "eje" mwaulemu monga amatchulira achemwali aakulu.

"Chifukwa? Maso anga ali bwinobwino."

"Ndimangoti mwina mwatopa."

"Ndinatopa usanabadwe. Tiye."

Tsiku likatha, alembi amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kuwerenga masamba ake mokweza, kuti mkulu wawo aone ngati mchira wa uyu ukugwirana ndi mutu wa uyo. Powerenga mokweza ndiye palibe kothawira, mawu amatuluka m'kamwa mwako n'kudzalowa m'khutu lako lomwe. Mayi Burul anawerenga ndi liwu lawo la masiku onse, losakwera, losatsika. Anawerenga za phungu wa chipewa uja, yemwe anayankhula bwino ndithu. Anawerenga za wina amene anati wophunzira wa madzulo ndi munthu wapantchito, adzilipirire yekha. Wachitatu anati nayenso amawerenga nyuzi madzulo, ndiye amubwezere msonkho wake, ndipo pamenepo Mayi Burul anali atalemba mwaukhondo kuti m'holo munamveka kuseka. Wachinayi anangofunsa ngati angatseke zenera. Ndiye panabwera mzere waufupi.

"Ganizolo lakanidwa."

Saltanat anayang'ana pansi. Patsambalo panatsala mizere itatu, ndipo Mayi Burul anaiwerenga mpaka pothera, poti tsamba silisiyidwa panjira.

"Zagwirana bwino," anatero mkulu wawo. "Atsikana, muziphunzira kwa Burul eje. Palibe ngakhale pofufuta."

Nurzat anali pokwerera basi, atanyamula m'pepala samsa ziwiri zotentha, mikate yokhala ndi nyama mkati. Kukoleji sanapite. Anayang'ana nkhope ya mayi ake, koma nkhope imeneyo palibe amene anawerengapo kanthu.

"Mwamvetsera?"

"Ndalemba."

"Zonse?"

"Palibe liwu limene ndasiya."

Nurzat anawapatsa samsa zonse ziwiri, n'kutulutsa foni kuimbira msuweni wake. Sanadikire n'komwe Lachisanu.

M'basi anapeza mpando umodzi. Mayi anakhala, mwana anaima atagwira chitsulo, n'kuyamba kuyankhula. Anayankhula nthawi yaitali, motsitsa, maso ali pazenera. Basi inaima kawiri, kenako kachitatu. Mayi Burul atayang'ana pansi anaona chala chawo chikuyenda pabondo, mofulumira, osatsalira ngakhale liwu limodzi. Mwana wawo yekhayo anali kutsanzika, ndipo iwo sanamve kanthu. Pamenepo anachita mantha, koyamba m'zaka zambiri.

Anaika samsa pambali, n'kugwira chalacho ndi dzanja linalo mwamphamvu mpaka chinawawa.

"Nurzat."

"Amayi?"

"Tayambiranso, mwana wanga. Koma pang'onopang'ono."