Milamba ya anganga inakana madeya anga

Uthenga unandipeza ndili pamtondo, ndikukonola chimanga kuseri kwa nyumba yathu ku Mikolongwe. Amalume anatsika panjinga thukuta lili kamukamu, nanena kuti anganga, bambo a mayi anga, atulutsidwa kuchipatala cha mishoni, afika dzuwa lisanapendeke. Amayi anaponya lichero, nthungululu mpaka kutsidya kwa mtsinje. Onse anavina, onse anaimba. Ine musi unandilemera m'manja.

Ndinali ndi zaka ngati khumi, ndipo ndinali nditanama.

Anganga anali ndi kadziwe kudimba, kokumba okha, momwe ankasungamo milamba isanu, uliwonse ndi dzina lake. Sinali yandiwo ayi. Munthu akangotchula mchere pafupi ndi dziwelo ankamuthamangitsa ndi ndodo. M'mawa uliwonse ankatsetsereka ndi chitini cha madeya, fungo la fodya lili patsogolo, chifuwa chili pambuyo, ndipo asanafike n'komwe madzi ankayamba kuwira, ndevu za milamba zili pamwamba. Amayi a pachitsime ankanong'onezana kuti nsomba sidziwa munthu, ngati izi zikuwadziwa ndiye kuti mtima wa nkhalambayo uli m'madzimo. Tsiku zidzafe, ankatero, maliro tilira.

Tsiku lowanyamula kupita kuchipatala anandipatsa chitinicho. Ankanditchula mkazi wawo, monga achitira anganga kwa adzukulu aakazi. "Akazi anga, ana athu asagone ndi njala."

M'mawa woyamba ndinawaza madeya, madzi ali zii. Wachiwiri zii. Ndinayesa kutsokomola ngati iwo. Ndinavala chipewa chawo chamlaza, ndinatsimphina ndi ndodo yawo, ndinang'ung'udza nyimbo yawo ya kutchalitchi, koma madeya ankangoyandama mpaka kusasa, madzi n'kusanduka obiriwira, onunkha. Ndinkagwada m'mphepete kusuzumira ngati pali mimba yoyera yayandama, Tikuoneni Maria ali pakamwa.

Amayi akamapita kukazonda odwala ankandifunsa kaye, chifukwa anganga sankafunsa za mbuzi, sankafunsa za chimanga, ankafunsa za nsomba basi. Ine ndinkati zikudya, zikudya kwambiri, mpaka kulimbirana. Amayi ankabwerako akuti mawu amenewo ndi amene akuwamwetsa phala akuluwo. Masabata atatu ndinawadyetsa bodza.

Ndiye anafika, atakhala pakaliyala ya njinga, ataonda ngati phesi, atametedwa mpala. Anakana mpando, anakana madzi akumwa. Anati kudimba. Amalume anawagwira mkono uku, amayi uku, mudzi wonse pambuyo, ena kudzasangalala, ena kudzaona ngati za pachitsime zija n'zoona. Ine ndinali kumapeto ndi chitini. Ndinkawaona kale akugwa m'mphepete mwa dziwe, ndinkamva kale anthu akundiloza akuti wapha anganga ake ndi Esinta.

Titayandikira ndinathamanga, ndinagwira malaya awo, ndinaulula zonse mamina ali chuchuchu. Amayi anagwira pakamwa. Anganga anayang'ana madzi obiriwirawo nthawi yaitali, mpweya ukulira m'chifuwa mwawo ngati chitseko. Sanandikalipire. Anati ndikokolole madeya owolawo ndi nthambi. Kenako anakhala pansi, navula patapata, naviika phazi limodzi m'madzi. Sanaitane, sanaimbe. Mayi wina kumbuyo anayamba kale kumanga chitenje m'chiuno monga amangira pamaliro.

Thope linagwedezeka. Kunatuluka ndevu, kunatuluka mutu wakuda wophwatalala, n'kudzakhudza chala chawo chachikulu. Wina. Winanso. Ndinawerenga inayi, ndinawerenganso, inayi. Anganga anati tidikire, uja ndi wamanyazi ngati mpongozi. Tinadikira mpaka nyerere zinandikwera m'miyendo, ndipo wachisanu anabwera chambali, pang'onopang'ono.

"Akazi anga, mwandinamiza bwino," anatero. "Mawa titsikire limodzi, akuzolowereni nkhope."

Mwana wanga amene anaphunzira zaulimi amati inali nyengo yozizira, milamba imabisala m'thope, ndipo chimene imazolowera ndi kugunda kwa mapazi chabe. Anene, ndi wophunzira. Ine lero ndili ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, maso achita chidima, koma ndikaweta kanthu, kaya nkhuku kaya mwana wamasiye, ndimakaonetsa nkhope yanga tsiku lililonse, ndipo ndikamadyetsa ndimaimba maina a omwe anabwera kudzasangalala kudimba kuja. Anabwera amalume a Filipo, anabwera a Berita ndi mwana kumbuyo, anabwera a Sitefano akatekisiti, anabwera a Mariana a pachitsime chitenje chikadali m'chiuno. Kenako milamba ija: anabwera Kapitawo, anabwera Namasina, anabwera Chimimba, anabwera Mlonda, ndipo pomaliza, chambali, anabwera Mpongozi.