Mwendo Wamanzere wa Samatsika

Munali m'chaka cha 1996, dzinja litangoyamba, pamene mlongo wanga wamng'ono analembedwa ntchito yoyendetsa lole pakampani ina yonyamula katundu. Anayamba Lolemba, pa 2 Disembala, mkazi wake ali ndi pakati poyamba.

Bwalo la kampaniyo linali la matope akuda ndi oyilo, lozunguliridwa ndi mpanda wa malata. Pakona panali kaofesi ka zenera limodzi, momwe munkakhala munthu wogawa maulendo. Madalaivala ankawatchula a Pawindo, poti palibe amene anawaonapo kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi. Panali lamulo losalembedwa paliponse koma lodziwika kwa aliyense: dalaivala akabweza kiyi pawindopo, kaya wadwala, kaya kwawo kwagwa zovuta, lole yake ankaipereka kwa wina tsiku lomwelo. Kunja kwa geti m'mawa uliwonse kunkakhala amuna pamiyala, malaisensi ali m'matumba a malaya. Wochira akabwerera, naye ankakapeza mwala wake.

Mlongo wanga anaona zimenezi zikuchitikira anzake, ndipo kiyi wake sanamusiyepo. Ankagona m'lole ngakhale itaima pabwalo podikira katundu, kunyumba kuli poyenda pansi. Ankaphikira pambali pa tayala, zovala n'kuyanika pagalasi. Anzake anamupatsa dzina loti Samatsika. Pamaliro a mayi athu, mu Juni 2003, anafika titakwirira kale, lole ataiimika kumsewu ili ndi katundu, ndipo anakhala nafe mpaka injini itazizira basi.

Mu 2011 anamupeza ndi matenda a shuga. Adokotala anamuuza kuti azibwera mwezi uliwonse, komanso aziyang'ana mapazi ake tsiku ndi tsiku. Anapitako kawiri.

Mu Ogasiti 2014 kawaya ka tayala lakutha kanaboola jombo yake yakumanzere n'kulowa pansi pa chala chachikulu. Iye sanamve kanthu. Anazindikira ndi mlamu wanga, mkazi wakeyo, pochapa.

"Abambo, sokosi iyi yamata chiyani?"

"Ndi oyilo ameneyo."

"Oyilo wa kampani yanu ndiye amanunkha chonchi? Tavulani ndione."

Ataona anandiitanitsa. Ndinapeza mlongo wanga atakhala pakhonde, phazi lili m'beseni la madzi amchere.

"Achimwene, phazi ili likufuna chipatala," ndinatero.

"Achemwali, chipatala chimafuna tsiku lonse pamzere, mawa lake ati bweraninso. Ndikamatuluka, lole yanga ili kumalire ndi dalaivala wina."

Tinamukakamiza, ndipo m'mawa mwake anapitadi pawindo. Zimene anakambirana kumeneko anandiuza yekha.

"Bwana, ndimapempha masiku awiri okha."

"Masiku awiri a chiyani, a Samatsika? Mwapeza wachiwiri kodi?"

"Kaphazi aka kakundivuta."

"Kaphazi. Ine mutu ukundiwawa chiyambire chaka, munayamba mwapeza windo lotseka? Ngati mwatopa ikani kiyi apa, palibe mlandu. Anzanu aja akungowotha dzuwa pagetipo."

Mlongo wanga anabweza kiyi m'thumba n'kukakwera lole.

Phazi lamanzere ndi limene limaponda klatchi, ndipo klatchi ya lole yakale ngati yakeyo ndi yolimba, imafuna mwendo wonse. Koma madalaivala akale anamuphunzitsa kusintha magiya osaiponda, kungomvetsera kulira kwa injini n'kulowetsa giya pa nthawi yake. Anayamba kuyenda choncho. Klatchi ankaiponda ponyamuka pokha, ndipo ankayesetsa kusaima. Akaona roboti yofiira patali ankachepetsa liwiro, lole n'kumakwawa mpaka iyake yobiriwira. Phazi litatupa, mlamu wanga anang'amba jombo ija pamwamba ndi lezala, iye n'kumaphimba ndi buluku. Pabwalo ankatsika anthu akayang'ana kumbali.

Mu Novembala makaniko poyendera malole anapeza kuti klatchi ya mlongo wanga sinadyeke ngati za anzake. Anakauza mwini kampani. Bwanayo anasonkhanitsa madalaivala pabwalo.

"Inu mumanditherera maklatchi ngati mukupondaponda dothi la njerwa. Tamuonani mdala uyu. Uku ndiye kuyendetsa."

Pomuthokoza anamupatsa ulendo wautali kuposa onse, wodutsa malire, umene madalaivala ankaulimbirana. Anabwera kudzatiuza akuseka. Mlamu wanga sanaseke. Anati, "Alamu, auzeni ndinu, ine pakamwa panga patopa." Ndinanena zimene ndinanena, iye n'kumangovomera ndi mutu, akumanga bulangete lake.

Maulendo awiri oyamba anabwerako. Wachitatu, kumayambiriro kwa Januwale 2015, anapeza mzere wa malole kumalire utafika kutali, geti losaoneka n'komwe. Pamzere wotero lole imasuntha utali wa lole imodzi n'kuima, kenako n'kusunthanso, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kusuntha kulikonse ndi kunyamuka, ndipo ponyamuka palibe nzeru ina koma kuponda klatchi. Ukachedwa pang'ono, wakumbuyo amakudumpha. Luso lake lija pamenepo linalibe ntchito.

Anaimbira foni a Pawindo kuti phazi laphulika ndipo thupi likutentha.

"Eni katundu akundiimbira ngati ndawabera mkazi," anayankha motero. "Limbani mtima, a Samatsika. Mukawoloka mukapuma."

Anapondabe. Tsiku lina dzuwa lili pamutu mzere unasuntha, lole yake osasuntha. Akumbuyo analiza mahutala, ena kutukwana. Mmodzi anatsika n'kukamenya chitseko.

"Mdala, mwabwera kudzagona kuno? Enafe tili ndi mabanja."

Atatsegula, fungo linamubweza. Mlongo wanga anali atatsamira chiwongolero, akunjenjemera, akulankhula ndi mayi athu. Anamutsitsa anthu anayi. Jombo inakana kuvuka mpaka anachita kuidula ndi mpeni, ndipo mwendo unali utada kufika pakatumba.

Kampani inatumiza dalaivala wina pabasi kuti akawolotse katundu. Za mlongo wanga sinanene kanthu. Madalaivala anzake ndi amene anamugoneka pakabedi ka kumbuyo kwa mipando m'lole ina yobwerera yopanda katundu, n'kudzamutula pachipatala. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo Lachitatu, pa 21 Januwale. Mwini kampani anatumiza mawu kudzera mwa makaniko, akuti pepani kwambiri, koma shuga si ngozi ya pantchito.

Chilonda chitayamba kupola anandipempha kuti ndimuperekeze kukatenga zinthu zake. Tinazipeza m'thumba la saka kuseri kwa kaofesi, mvula itazinyowetsa: bulangete, mbaula, kapoto ndi masipanala ake awiri. Anaima pawindo ndi ndodo zake kuti atsanzike. A Pawindo anali pafoni, akukalipira dalaivala wina amene tayala linamuphulikira kutali. Anatiyang'ana, n'kukweza dzanja kuti tidikire. Tinadikira mpaka mlongo wanga anatopa kuima ndi ndodo. Kenako anati, "Achemwali, tanyamulani thumbalo."

Linali Lolemba, pa 9 Malichi 2015.